Tsamba Likavulala, Tizilombo Timadzuka

Anthu ambiri amene amabwera ku chipatala ndi matenda otsegula m'mimba amafunsa funso limodzimodzi: zatheka bwanji kuti banja lonse ladya ndiwo za mumphika umodzi, lamwa madzi a mumtsuko umodzi, koma wodwala ndi mmodzi kapena awiri okha? Ena amafulumira kuganizira mnansi wawo zoipa. Zoona zake n'zakuti yankho lagona pa zinthu zingapo, monga msinkhu wa munthu, mphamvu za thupi lake ndiponso kuchuluka kwa tizilombo timene wameza. Koma pali chinthu chinanso chimene akatswiri a sayansi akhala akuchifufuza kwa zaka makumi anayi tsopano, ndicho chakuti ukali wa kachilombo sukhala chimodzimodzi nthawi zonse. Kachilombo komweko pamalo ena kamafatsa, pamalo ena kamalusa. China mwa zinthu zimene zimasintha khalidwe lakelo ndi madzi ndiponso timankhwala ta m'zomera, zomwezi timalima kudimba ndi kudya tsiku ndi tsiku.

Tizilombo timene tikunena pano ndi tija amatitcha mabakiteriya. Ndi tating'ono zedi, kotero kuti 1,000 titandanda pamzere umodzi tingatalike mamilimita awiri okha. Tilibe maso, tilibe makutu, koma pakhungu pake kachilombo kalikonse kali ndi timalo tolawira zimene zili m'madzi okazungulira. Kupanga poizoni, kapena timichira tosambira nato, kapena tizingwe togwirira pathupi la munthu, ndi ntchito yodya mphamvu zambiri. Tsono kachilomboko sikawononga mphamvu zake pachabe. Monga mlenje sakoka uta asanaone nyama, nakonso kamayamba kamva kuti kafika pa chakudya chake, kenaka n'kutulutsa zida.

Phunziro lochokera ku fodya

Nzeru imeneyi inaonekera poyamba pa matenda a mbewu, osati a anthu. Pali kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Agrobacterium tumefaciens kamene kamayambitsa zotupa zonga zibulumwa patsinde la mitengo ya zipatso ndi mbewu zina. Kuti kachilomboka ndiko kamatupitsa mbewu zinadziwika mu 1907 ku America. Anthu anaonanso kuti chotupacho chimamera pokhapokha pamene mbewu yavulala, koma chifukwa chake sichinadziwike kwa zaka zambiri. Mu 1985 ofufuza a ku Ghent, m'dziko la Belgium, pogwiritsa ntchito fodya, anapeza kuti mbewu ikavulala imatulutsa pabalapo mankhwala otchedwa acetosyringone. Kachilombo kaja kakangolawa mankhwalawo kamadzutsa zida zake zonse zimene zinali chigonere, n'kulowetsa kachidutswa ka malangizo a moyo wake m'thupi la mbewu. Mbewuyo imayamba kumera chotupa ndi kupangira mdani wake chakudya. Taonani zodabwitsa: madzi a pabala la mbewu ndiwo amaitana mdani.

Alimi a mbatata ya kachewere ndi matimati ku Dedza ndi ku Ntcheu amadziwa matenda ena ofotetsa mbewu masamba ake akadali obiriwira. Mukadula tsinde la mbewu yodwalayo n'kuliviika m'tambula ya madzi oyera, mumaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika pang'onopang'ono kuchokera podulapo. Utsiwo ndi tizilombo tambirimbiri totchedwa Ralstonia. Itonso timasambira m'chinyontho cha nthaka kulondola madzi amene mizu imatulutsa, ndipo timalowa mosavuta pamene khasu kapena nyongolotsi za m'nthaka zavulaza muzu. Tizilombo tiwiri tatchulati sitidwalitsa munthu amene wadya mbewuyo. Tatitchula chifukwa tizilombo ta matenda a m'mimba timachita zofanana nato tikagwera pa ndiwo zathu.

Ndiwo zosaphika

Salmonella ndi E. coli ndi tizilombo timene kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a anthu, ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku. Timafika kudimba kudzera m'ndowe ndi zitosi zosawolerana, m'madzi a mumtsinje amene anthu amadzithandizira m'mbali mwake, ndiponso m'manja osasamba. Kale ankaganiza kuti tikagwera patsamba timangokhala ngati fumbi, kudikira kuti mvula ititsuke kapena dzuwa litiphe. N'zoona kuti patsamba lamoyo, losavulala, tambiri timafa ndi njala ndi dzuwa. Koma tsamba likathyoka, likadulidwa ndi mpeni, likabooledwa ndi mbozi kapena likaphwanyika m'dengu, madzi ake a shuga amatuluka ndipo nkhani imasintha.

Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Leicester ku England anafalitsa zimene anapeza pa masamba a saladi ogulitsidwa m'timatumba. Timadzi tochepa chabe totuluka m'masamba odulidwa tinachititsa kuti Salmonella aswane kwambiri, ngakhale masambawo anali m'firiji. Madziwo anachititsanso tizilomboto kumatirira zolimba patsamba ndi pathumba lomwe, kotero kuti kutsuka sikunathe kutichotsa tonse. Tikamatirira chotero timadzimangira chophimba choterera ngati therere, chonga chija chimamera m'kati mwa mtsuko kapena chigubu chimene chakhala masiku ambiri chisanakwechedwe. M'kati mwa chophimbacho tizilombo timatetezeka ku dzuwa, ku madzi otsukira, ngakhale ku klorini wochepa mphamvu.

Ku Israel, mu 2009, anaonanso ndi makina okulitsa zinthu kuti Salmonella amasambira kupita pa timabowo timene tsamba limapumira, makamaka pakakhala kuwala, pamene tsambalo likupanga shuga. Akalowa m'timabowoto, madzi otsukira samufikiranso. Ndipo mu 1997 ofufuza a ku America amene anayeza ndiwo ndi zipatso za m'misika anapeza Salmonella kawirikawiri pa zimene zinayamba kuwola ndi kufewa kuposa pa zabwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo towoletsa mbewu timasungunula mnofu wa chipatso, ndipo tizilombo ta matenda timapezapo phwando losakonza tokha.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Pamsika uliwonse pamakhala mulu wa matimati ophwanyika, otsika mtengo, ndipo mayi wosamala ndalama sangawalambalale. Ine sindiletsa kugula matimati otere, pakuti ndikudziwa mmene ndalama imavutira. Koma malo ake ndi mumphika wowira, osati m'mbale ya saladi kapena m'manja mwa mwana amene akulira njala panjira yochokera kumsika. Palinso chizolowezi chomiza matimati m'ndowa ya madzi kuti aoneke owala. Tomato amene watentha ndi dzuwa akamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umakhwinyata, ndipo amakoka madziwo kudzera pamalo pamene panali kaphesi. Ngati madziwo atungidwa mumtsinje, tizilombo talowa m'kati, ndipo ngakhale wogula atatsuka kasanu kunyumba sizithandiza kanthu. N'chimodzimodzi ndi kuwaza madzi a pachithaphwi pa repu, mpiru ndi chainizi kuti zisafote.

Makolo athu anatisiyira chishango chabwino, ndicho kuphika ndiwo. Nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya ndi therere palibe amene amadya zosaphika, ndipo moto umapha tizilombo tonse tatchulati, kaya tamatirira, kaya talowa m'kati mwa tsamba. Vuto labwera ndi kadyedwe katsopano. Pachiwaya chilichonse cha tchipisi pali beseni la kabichi, anyezi ndi matimati zoduliratu m'mawa. Zimakhala pamenepo mpaka madzulo, pambali pa moto, ntchentche zikuterapo, ndipo dzanja limene lalandira ndalama ndi lomwelo limatapa saladiyo. Pamalo ofunda ndi a chakudya chokwanira, kachilombo kamodzi kangathe kugawika kukhala tiwiri m'mphindi zosakwana makumi atatu. Werengani nokha kuti kuyambira 8 koloko m'mawa kufika 4 koloko madzulo tikhala tingati. Mavwende, mapapaya, nanazi ndi nkhaka zogulitsidwa zodulidwa kale zili m'gulu lomweli, pamodzi ndi nzimbe zosendasenda. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti chakudya chophika kapena chosachedwa kuwonongeka chisakhale pamalo ofunda kupitirira maola awiri. Chipatso chabwino kugula paulendo ndi chimene mudzasenda nokha, monga nthochi kapena lalanje.

Asaganize wina kuti awa ndi matenda a mayiko osauka okha. Mu 1996 mumzinda wa Sakai ku Japan ana asukulu zikwi zingapo anadwala E. coli, ndipo ofufuza analoza mbewu zongomera kumene zimene anawo anadya zosaphika pachakudya cha kusukulu. Mu 2011 ku Germany anthu pafupifupi 4,000 anadwala ndipo oposa 50 anamwalira chifukwa cha mbewu zomeretsa za mtundu wotchedwa fenugreek, zodyedwanso zosaphika. Mbewu ikamamera imatulutsa shuga wambiri, ndipo imamera pofunda ndi ponyowa, pamene tizilombo timapakonda. Wina afunsa kuti, nanga chimera chathu? Chimera chimamera m'njira yomweyo ndithu, koma thobwa limawiritsidwa pamoto. Pamene thobwa limadwalitsa anthu pamaliro kapena paukwati, kawirikawiri cholakwa chimakhala madzi osungunulira, chikho chimodzi chomwera anthu onse, kapena manja oviikidwa mumgolo.

Tizilombo timawerengana

Pali mbali ina ya nkhaniyi, yokondweretsa, koma yofunika kuimvetsa bwino chifukwa yasokoneza anthu ambiri. Zomera zina zili ndi mankhwala amene amafooketsa ukali wa tizilombo.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo tizilombo nato timachita ngati tikudziwa zimenezi. Kachilombo kamodzi katatulutsa poizoni pakokha, asilikali a m'thupi angakazindikire msanga ndi kukapha. Tsono mitundu yambiri ya mabakiteriya imatulutsa timankhwala tokhala ngati mfuu yoitanizana. Tikakhala tochepa mfuuyo imamveka pang'ono ndipo tonse timakhala chete. Tikachuluka, mfuu imakula, ndipo tonse pamodzi timayamba nkhondo. Zimenezi zinaonekera koyamba cha m'ma 1970 pa tizilombo ta m'nyanja ya mchere timene timawala usiku pokhapokha tikachuluka. M'zaka za m'ma 1990 ofufuza anaona kuti chomera china chofiira cha m'nyanja ya ku Australia, chotchedwa Delisea pulchra, sichimera zoterera pathupi pake monga zinzake. Anapeza kuti chimatulutsa mankhwala ofanana ndi mfuu ya tizilombo ija, amene amatseka timalo tomvera. Tizilomboto sitifa ayi, koma timasanduka togontha, kalikonse n'kumadziona ngati kali kokha.

Kuyambira pamenepo akatswiri anayamba kufufuza zomera za kukhitchini. Adyo anadziwika kale, mu 1944, kuti akasinjidwa amatulutsa mankhwala otchedwa allicin amene amapha tizilombo m'mbale zoyeserera. Mu 2012 ofufuza a ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, anaonetsa kuti mankhwala enanso a mu adyo, otchedwa ajoene, amasokoneza kuitanizana kwa Pseudomonas aeruginosa, kachilombo kovuta kamene kamalowa m'zilonda za moto ndi m'mapapo a odwala ofooka. Mu 2007 ku Taiwan anapeza kuti jinja amalepheretsa poizoni wa mtundu wina wa E. coli kugwira matumbo a mbewa zoyeserapo. Mu 2010 ofufuza a ku Osaka ku Japan anapeza kuti capsaicin, mankhwala amene amachititsa tsabola kuwawa, amachepetsa poizoni amene kachilombo ka kolera kamapanga, ngakhale kachilomboko kamapitiriza kukula. M'chaka chomwecho ofufuza a ku Mumbai ku India anayesa madzi owiritsa a masamba a gwafa, amene agogo athu m'midzi muno akhala akumwetsa ana otsegula m'mimba kuyambira kale. Anapeza kuti madziwo amachepetsa kumatirira kwa tizilombo pa timaselo ta m'thupi ndiponso kupanga kwake poizoni.

Kafukufuku ameneyu ndi wofunika, makamaka masiku ano pamene tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala a kuchipatala chifukwa cha kuwamwa mwachisawawa, ogula pagolosale kapena osamaliza. Chiyembekezo cha akatswiri n'chakuti mankhwala olanda kachilombo zida popanda kukapha angathandizane ndi mankhwala amene tili nawo kale. Ndipo n'kosangalatsa kuona kuti zina zimene makolo anazindikira pongoyang'anitsitsa zili ndi maziko ake.

Koma tamverani bwino apa, amayi ndi abambo. Zonse tafotokozazi zinachitika m'mabotolo, m'mbale zoyeserera ndi pa mbewa. Mankhwala ake anali oyengedwa ndi oyezedwa mlingo, ndipo anathiridwa pa kachilombo penipeni. M'mimba mwa munthu ndi nkhani ina. Kuti munthu apeze ajoene wokwanira ngati wa m'kafukufuku uja angafunike kudya adyo wochuluka kuposa amene mimba ingalole, ndipo allicin amawonongeka adyo akaphikidwa. Mayiko a India ndi Bangladesh, kumene anthu amadya tsabola kuposa ife, ndi kumenenso kolera wakhazikika kwa zaka mazanamazana. Kambuzi amakometsa ndiwo, koma sateteza munthu amene wamwa madzi oipa. Adyo wosinja womangirira pachilonda amawotcha khungu ndi kukulitsa chilondacho. Ndipo amene akuyenda m'misika ndi mabotolo, kunena kuti asayansi atsimikiza kuti mankhwala ake amachiza kolera, akutenga kachidutswa ka choonadi n'kukasandutsa malonda.

Kolera sadikira

Kolera anafika koyamba m'Malawi mu 1973. Mliri waukulu koposa yonse unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ku Machinga, pambuyo pa madzi osefukira, ndipo unafalikira m'maboma onse. Pofika mu 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Ambiri a ife tinataya wachibale kapena mnansi m'miyezi imeneyo.

Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, nakonso kamadziwa kukhala ndi zomera. Ku Bangladesh, mu 1981, anaonetsa kuti kamamatirira pa namasupuni, chomera chomwechi chimene chadzaza mbali zina za mtsinje wa Shire, ndipo ofufuza ena a dziko lomwelo anakapeza kakubisala m'zoterera za ndere. Choncho madzi otunga pakati pa zomera za m'mphepete mwa mtsinje kapena nyanja, ngakhale aoneke oyera, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini asanamwedwe. Kakalowa m'thupi, kachilomboka kamalawa ndulu ndi kutentha kwa m'matumbo, kamazindikira pamene kali, kamamatirira, n'kuyamba kupanga poizoni. Poizoniyo amachititsa matumbo kutaya madzi ndi mchere m'malo momwa. Munthu wamkulu angathe kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi, chimbudzi chake chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo angamwalire tsiku lomwelo.

Chimene chimapha munthu wotsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi m'thupi. Nditati ndiweruze, kuipa kwa masamba a gwafa sikuli m'masambamo, koma m'maola amene amatayika banja likudikira kuti lione ngati agwira ntchito. Mwana amayamba kutsegula m'mawa, amwetsedwa za masamba masana, madzulo ayesa mtengo wina, ndipo pamene akumunyamula usiku kupita naye ku chipatala maso alowa, liwombo lalowa, sakuyamwanso. Masamba a gwafa sabwezera mchere umene watayika. Chobwezera ndi madzi a mchere ndi shuga, aja timawadziwa ndi dzina loti Thanzi, ndipo shuga wa m'menemo ndiye amathandiza matumbo kukoka mchere ndi madzi ngakhale poizoni akadali m'kati.

Paketi imodzi isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Ngati paketi palibe, thirani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi. Musawonjezere mchere poganiza kuti zikhala zamphamvu, pakuti mchere wochuluka ndi woopsa kwa mwana. Mumwetseni pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu, ndipo akasanza dikirani mphindi khumi n'kuyambiranso. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Ku chipatala adzapatsidwanso mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Ngati chimbudzi chili cha madzi okhaokha ndi chochuluka, ngati muli magazi, ngati wodwala akulephera kumwa, akusanza chilichonse kapena walefuka, nyamukani nthawi yomweyo, ndipo muzimumwetsa madziwo panjira ponse.

Kudimba ndi kukhitchini

Ntchito yambiri yoteteza banja imayambira kudimba. Ndowe ndi zitosi ziunjikidwe pamulu ndi zinyalala mpaka zitenthe ndi kuwolerana, ndipo ngati mwathira zosawolerana papite miyezi itatu kapena inayi musanakolole ndiwo. Pothirira, madzi apite patsinde, osati pamasamba, makamaka masiku oyandikira kukolola. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime ndiponso pamtunda wosachepera mamita 30. Pothyola ndiwo ndi pozinyamula kupita kumsika, musazipanikize m'thumba mpaka kutuluka madzi. Dengu limene mpweya umalowa ndi labwino kuposa jumbo yomanga.

Kunyumba, tsukani ndiwo musanazidule, osati mutadula, ndipo muzidule pamene mphika uli kale pamoto. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku kapena nsomba zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze matimati ndi anyezi. Pamene sopo wasowa, phulusa limathandiza posamba m'manja, pamadzi othirirana kapena pampondagiya, osati m'beseni limodzi banja lonse. Ndiwo zophika zikagona, kumbukirani kuti kuphika kwafewetsa masamba onse ndi kutulutsa madzi ake, choncho kachilombo kamene kagweramo usiku kuchokera ku supuni, ntchentche kapena chala ka mwana kamaswana mofulumira kuposa pa tsamba laliwisi. Ndiwo zogona ndi mkute zitenthetsedwe mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni, osati kungofunditsa pamwamba, ndipo mwana wosakwana zaka ziwiri ndi bwino kumuphikira zatsopano. M'nyengo ya dzinja, kapena mukamva kuti m'dera mwanu mwagwa kolera, saladi ya pachiwaya ndi zipatso zodulidwa kale muyambe mwazisiya, ndipo klorini wothira m'madzi akumwa mukafunse kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena pa chipatala chimene muli nacho pafupi.